Kodi ndilipire kuti mwana wanga atchuke pa Facebook?

Bambo ena a ku Luchenza andilembera imelo yokhudza mwana wawo wa zaka 14, yemwe amasewera pakati m'timu ya achinyamata kumeneko. Akuti pali tsamba lina pa Facebook limene limatulutsa mndandanda wa anyamata 20 odziwa mpira m'chigawo cha kum'mwera, ndipo eni ake awauza kuti akatumiza K40,000 pa Mpamba, mwanayo amuikapo n'kumukonzera kanema. Funso lawo ndi ili: "Kodi zimenezi zingathandize kuti matimu akuluakulu amuone? Anzake awiri ali kale pamndandandawo ndipo iye wayamba kudandaula."

Bambo, ndalamayo musatumize. Mndandanda umene munthu amalowapo polipira umangosonyeza makolo amene anali ndi ndalama mwezi umenewo. Chigawo cha kum'mwera chili ndi maboma 13. Ndani anayenda kuchokera ku Nsanje mpaka ku Mangochi kuonera anyamata onse asanasankhe 20 amenewo? Mnyamata wa ku Thekerani kapena ku Muloza, yemwe kwawo kulibe foni yojambula bwino, sadzapezekapo ngakhale atakhala kuti amaposa onsewo. Makochi a matimu a Super League amazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake salemba osewera poona tsamba la munthu.

Mwambo woika ana pa nambala unakula kwambiri ku America, komwe makoleji amalipirira sukulu ana odziwa masewero, ndipo masamba ngati TopDrawerSoccer amatulutsa mindandanda yotere. Ngakhale kumeneko, kochi amapitabe kubwalo kukaona ndi maso ake. Ndipo kumeneko n'komwe kunachitika nkhani ya Freddy Adu, mnyamata wobadwira ku Ghana amene anayamba kusewera m'timu ya akuluakulu ya D.C. United mu 2004 ali ndi zaka 14, msinkhu wa mwana wanuyu. Atolankhani ankamuyerekeza ndi Pelé. Anadzatha zaka zake akusinthasintha matimu m'mayiko osiyanasiyana, osakhazikika. Luso anali nalo, koma mbiri inamutsogolera kutali kwambiri ali mwana.

Palinso vuto la msinkhu weniweniwu. Pa zaka 14, wina wamera kale ndevu ndipo mawu asintha, mnzake akadali kamwana kowonda. Wamkulu thupiyo amakankha anzake n'kumwetsa zigoli, ndiye aliyense amati ndi katswiri. Pofika zaka 18 anzake aja amupeza msinkhu, ndipo apa m'pamene zimaoneka kuti ndani anaphunzira kusewera ndi mutu. Onjezanipo kubera zaka, komwe tonse timakuona m'mabonanza athu. Vutoli linakula moti kuyambira mu 2009 FIFA inayamba kuunika fupa la padzanja ndi makina a MRI pofuna kudziwa zaka zenizeni za osewera pa mpikisano wa osapyola zaka 17. Mwini tsamba la pa Facebook saunika chilichonse, ngakhale kalata ya kubadwa saifunsa.

Kanema ndi nkhani ina, ndipo ameneyo sindikumukana. Kwa ife a ku Thyolo ndi Mulanje, kanema amafika ku Blantyre kapena ku Lilongwe mwana asanakwere minibasi. Koma akhale kanema wothandiza kochi. Amene ndimawaona pa intaneti amakhala a mphindi imodzi, nyimbo ili pamwamba, mnyamata akudyetsa njomba katatu n'kugoletsa, kenako kanemayo wadulidwa. Chikomekome cha mkuyu. Kochi amafuna kuona zimene zadulidwazo. Kodi mwanayu amacheuka kuona kumbuyo mpira usanamufike? Akalandidwa mpira amathamangira kukaulanda, kapena amaima n'kugwira m'chiuno? Mwendo wamanzere amaugwiritsa ntchito? Mphindi zikamatha timu yake itagonja 2-0, amapemphabe mpira kapena wabisala kuseri kwa mdani?

Choncho pezani munthu wa foni yabwino, aime pamalo okwera, kaya pachulu kaya pamwamba pa lole, foniyo aigoneke cham'mbali, ajambule chigawo chonse cha masewero osadula, osaikamo nyimbo. Atchule nambala ya jezi ya mwana wanu, timu imene akusewera nayo ndi tsiku. Kanema ameneyo mum'patse kochi wa mwanayo kuti atumize pa WhatsApp kwa makochi amene amadziwana nawo. Mawu a kochi mnzawo amamveka kuposa anthu chikwi oyamikira pa Facebook. Mukafuna kuika kachidutswa pa intaneti kuti achibale a ku Joni asangalale, ikani, koma nambala ya foni ya mwanayo, sukulu yake ndi mudzi wake zisaoneke.

Ndikutero chifukwa anthu oyamba kulembera mwana wotchuka pa intaneti nthawi zambiri amakhala akuba odzitcha maejenti. Amati apeza timu ku Portugal kapena ku Dubai, mungotumiza ndalama ya viza ndi tikiti. Lamulo la FIFA, ndime 19 ya malamulo a kasamutsidwe ka osewera, limaletsa mwana wosakwana zaka 18 kupita ku timu ya dziko lina. Zololedwa n'zochepa: mwachitsanzo makolo akasamukira kunjako pa zifukwa zosakhudza mpira, kapena mwana akamakhala pasanapitirire makilomita 50 kuchokera m'malire ndipo timuyo ilinso pafupi chomwecho tsidya linalo, mabungwe a mayiko onse awiri atavomera. Chachiwirichi chingakhudze mwana wa ku Muloza ndi timu ya ku Milange ku Mozambique, osati ulendo wa ku Lisbon. Tabitha Chawinga anapita ku Sweden mu 2014, chaka chimene ankakwanitsa zaka 18. Wina akakuuzani kuti atengera mwana wa zaka 14 ku Ulaya, dulani foni.

Chimene ndikanakonda mutachilimbikira n'chosasangalatsa kwenikweni: mapepala. Pitani ku ofesi ya NRB kwa DC mukam'tengere kalata ya kubadwa yokhala ndi zaka zake zenizeni, ndipo wina aliyense asadzakunyengerereni kuzichepetsa. Kenako funsani kochi ngati timu yawo ili m'kaundula wa FAM komanso ngati dzina la mwanayo linalembedwa. Izi zili ndi phindu lenileni. Malamulo a FIFA amawerenga zaka zimene mwana waphunzitsidwa mpira kuyambira ali ndi zaka 12, ndipo wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya mtengowo imagawidwa kwa matimu amene anamulera. Timu yaing'ono ya ku Luchenza ingalandire gawo lake pokhapokha ngati zinalembedwa. Mbiri yolembedwayo imatsimikiziranso timu iliyonse yodzamufuna kuti zaka zake n'zoona.

Asewere mipikisano ya sukulu ya MASSA ndi maligi a achinyamata a m'boma, chifukwa kumeneko n'komwe osankha matimu a chigawo ndi a dziko amayang'ana. Mpira waukulu sulinso kutali nafe monga kale: mu 2024 timu ya FOMO ya ku Mulanje inkalandira matimu a Super League pa Mulanje Park. Mukamva kuti kuli masewero otere, m'tengeni, ndipo mumuuze asatsate mpira ndi maso, aziona wosewera mmodzi wapakati kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Za kudandaula kwakeko, musakunyalanyaze. Kwa mwana wa zaka 14, kuona anzake pamndandanda iye palibe kumawawa ndithu. Mukhale naye pansi mumuonetse uthenga wa eni tsamba aja wopempha K40,000, awerenge yekha kuti adziwe mmene anzakewo analowera. Ndalamayo mugule nsapato zomukwana, yotsalayo muisunge ikhale thiransipoti ya tsiku limene kochi wake adzamve za matrayo ku Limbe kapena ku Blantyre.