Kodi Sapitwa n'kukwera Loweruka n'kubwerako Lamulungu?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Iye ndi anzake anayi a kuntchito apangana zokakwera Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phiri la Mulanje, mu Julayi. Amathamanga makilomita 5 katatu pa sabata, koma phiri lalikulu sanakwerepo. Anzakewo akufuna anyamuke Lachisanu akaweruka, Loweruka akwere mpaka pansonga, Lamulungu akhale ali panjira yobwerera. Akufunsa ngati kuthamangako kuli kokwanira, ngati mpweya wa kumwambako sumudwalitsa, komanso ngati agule mapiritsi amene okwera Kilimanjaro amamwa.

Achemwali, ndiyambe ndi chimene simunafunse. Pulogalamu ya anzanuyo ikaneni. Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo pa Likhubula, pomwe ambiri amayambira, sipafika n'komwe mamita 1,000. Ndiye kuti miyendo yanu ikweze thupi ndi chikwama mamita oposa 2,000, kenako itsitse zonsezo. Anyamata onyamula katundu wa alendo amene amathamanga mpikisano wa Porters' Race chaka ndi chaka akhoza kuchita zimenezo tsiku limodzi, poti phirilo ndi pantchito pawo. Inu ndi ine ayi.

Lipatseni phirilo masiku anayi. Tsiku loyamba mukwere kuchoka pa Likhubula kukagona pa kanyumba ka Chambe, kudzera njira ya Skyline kapena ya Chapaluka. Skyline ndi yaifupi koma imaima njoo, mthunzi wake ndi wochepa. Chapaluka imatsata mtsinje ndipo imadutsa cha pa Dziwe la Nkhalamba, choncho ine ndimakonda kuisunga kuti ikhale yotsikira, munthu akaviike mapazi. Tsiku lachiwiri mukagone pa Chisepo, kanyumba kamene kali m'tsinde mwa Sapitwa, pa mamita pafupifupi 2,200. Lachitatu lake ndilo la pansonga, n'kubwerera kudzagona pa Chisepo pomwepo. Lachinayi mutsike. Amphamvu amaphatikiza masiku awiri oyambawo, koma amafika pa Chisepo atatheratu, chonsecho ntchito yeniyeni ili mawa lake.

Kuthamanga kwanuko kwakonza mtima ndi mapapo, ndipo musasiye. Koma msewu wa tala suphunzitsa miyendo zimene Sapitwa imafuna. Kuchoka pa Chisepo palibe njira yoyenda manja ali m'thumba. Mumakwera pathanthwe lopendekeka, malo ena chokwawa, manja akugwira mwala kapena muzu. Pali pena pofunika kuvula chikwama n'kuchikankha patsogolo kuti mupanikizike pakati pa miyala iwiri. Mukamati nsonga ndi iyo, mukafikapo mumaona ina kuseri kwake. Kukwerako kumatenga maola atatu kapena anayi, ndipo kutsika sikufulumira kwenikweni.

Kutsikako ndiye kumene kumaliza anthu. Pokwera munthu amatopa, n'kukhala pamwala, befu n'kutha. Potsika ntchafu ndi zimene zimagwira buleki pa sitepe iliyonse, ndipo zikatopa zimayamba kunjenjemera zokha, phazi osaponda pomwe diso lalozera. Zala zimakagunda kutsogolo kwa nsapato mpaka zikhadabo kuda. Ambiri amabinya bondo kapena kakolo masana, pobwerera, chithunzi cha pansonga atajambula kale. Pathanthwe lotsetsereka musachite manyazi kutsika chokhala. Buluku likang'ambika kumatako mukasoketsa.

Ndiye pa masabata amene atsalawa, Loweruka lililonse mupeze phiri. Muli ndi mwayi: Bunda ili pafupi, ndipo mwala wake wopanda mitengo uja udzakuzolowetsani kuponda pathanthwe. Nkhoma ikuphunzitsani kugwiritsa manja. Mukamaliza izo pitani ku Dedza, komwe phiri lake limayandikira mamita 2,200. Muziyenda ndi chikwama chomwe mudzanyamule, mutaikamo mabotolo a madzi olemera makilogalamu 5 kapena 6, ndipo muziwonjezera nthawi pang'onopang'ono mpaka muzitha maola 6 muli chiyendere. Kamodzi kokha yesani kukwera Loweruka ndi Lamulungu motsatizana, mumve mmene miyendo yotopa kale imayankhira m'mawa. Pakati pa sabata, masitepe a kuntchito akwana: kukwera ndi kutsika mphindi 20, kutsikako mosathamanga. Sabata yomaliza pumulani.

Nsapato zikhale zimene mwayenda nazo kale, zamapazi a rabala yogwira, zokhala ndi mpata kuzala. Za pakaunjika zilibe vuto bola kupansi kusakhale kosalala. Zatsopano zochoka m'bokosi zidzakutulutsani matuza musanafike pa Chambe. Muwenge zikhadabo.

Tsopano za mpweya. Pa mamita 3,000 mpweya umene munthu amakoka umakhala ndi okosijeni pafupifupi magawo 70 pa 100 a amene akadakoka m'mbali mwa nyanja yamchere. Mudzaumva: masitepe khumi, mtima gu gu gu. Matenda a kumtunda, obwera chifukwa cha kuchepa kwa okosijeniyu, amayamba kugwira anthu kuyambira pa mamita 2,500, ndipo chimene chimawakulitsa kwambiri ndi kugona pamwamba thupi lisanazolowere. Apa pulogalamu ya masiku anayi ija ikuthandizaninso. Inu mumakhala kale pa mamita oposa 1,000 ku Lilongwe, mudzagona mausiku awiri m'phiri musanapite pansonga, ndipo pamwamba pa 2,500 mudzangokhalapo maola ochepa. Kilimanjaro ndi nkhani ina: ndi mamita 5,895, ndipo anthu amagona masiku angapo pamalo okwera kuposa Sapitwa yeniyeniyo. Mapiritsi a acetazolamide, amene ambiri amawadziwa kuti Diamox, ntchito yawo ndi ya kumeneko. Pa Mulanje ine sindiona chifukwa, ndipo si mankhwala ogula chifukwa mnzanu wanena. Amakodzetsa pafupipafupi ndi kuchititsa dzanzi m'zala.

Komabe zizindikiro muzidziwe, chifukwa matendawa sasankha kuti uyu ndi wothamanga. Mutu wosamva panado, nseru, chizungulire, kusafuna chakudya. Zikayamba, imani, imwani madzi, osakweranso. Zikamakula, kapena wina akayamba kudzandira ndi kuyankhula zosagwirizana, mankhwala ake ndi kutsika basi, wina atamugwira. Mutu ukabwera ndi kutentha thupi ndi kuphwanya m'nkhongono, ganizirani malungo amene mwachoka nawo kunyumba, mukayezetse mukangofika pansi. Ngati pagulu lanupo pali wa BP, shuga, mphumu, vuto la mtima, wochepa magazi kapena wa sickle cell, ayambe waonana ndi dokotala.

Chimene ndikuopa kwambiri pa ulendo wanuwu ndi mwezi umene mwasankha. Julayi ndi wabwino poti mvula yeniyeni kulibe, koma ndi nthawi ya chiperoni. Kumacha kuli mbee, phiri lonse likuoneka mpaka ku Phalombe, kenako nkhungu imakwera kuchokera mbali ya Mozambique ndi kamvula kowaza, ndipo pasanathe theka la ola mnzanu amene ali mamita khumi patsogolo simukumuona. Thanthwe likanyowa limaterera ngati therere. Zizindikiro za penti zimene zili pamiyala zimasowa. Kuzizira nako kumawonjezeka pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi udzu wa pamwambapo umachita kuyera ndi chisanu. Mu Julayi 2009 Gabriel Buchmann wa ku Brazil anasiya womulondolera n'kupita yekha ku Sapitwa. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patadutsa masabata oposa awiri. Anafa ndi kuzizira. Akuluakulu a kumeneko ali ndi zawo zimene amanena za mizimu ya m'phirimo, ndipo sindikutsutsana nawo, koma chiperoni chokha n'chokwanira kuti munthu aliope.

Motero gaidi si wokambirana. Mumupeze kudzera pa ofesi ya zankhalango pa Likhubula, ndipo mugwirizane mtengo musananyamuke. Tenganinso onyamula katundu. Si ulesi: mudzafika pa Chisepo ndi miyendo yoti n'kugwira ntchito mawa, ndipo ndalamayo imatsala m'midzi ya m'tsinde mwa phiri. Mlonda wa pa kanyumbako amakonza nkhuni ndi madzi, chakudya ndi zofunda ndi zanu. Naye musamuiwale potsanzika.

Tsiku la pansonga chikwama chikhale chaching'ono, koma musasowemo jekete ya mvula, juzi yotentha, chipewa cha ubweya, magolovesi, tochi ya pamutu, malita awiri a madzi, paketi ya Thanzi, mtedza, nthochi ndi buledi wopaka chiponde. Jinzi ndi malaya a thonje zisiyeni pansi, chifukwa zikanyowa siziuma ndipo zimakuyamwani kutentha. Muzidya pang'onopang'ono ola lililonse ngakhale njala musakuimva. Foni musaidalire, netiweki imabwera ndi kupita.

Chomaliza mukakambirane muli ku Lilongwe komweko, onse asanu, musanaone phiri. Mudzanyamuka pa Chisepo kukangoyera. Ikakwana 11 koloko musanafike pansonga, mukubwerera, chifukwa mu Julayi dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko ndipo miyala ija si yotsika ndi tochi. Gaidi akayang'ana kumwamba n'kunena kuti lero ayi, palibe wovota. Pagulu lililonse pamakhala mmodzi amene amati “tatsala pang'ono, tiyeni”, ndipo pa anthu asanu a ofesi imodzi mukumudziwa kale kuti ndi ndani. Ameneyo ndiye muyambe kumuuza.