Chumuni cha uvuni wa pizza chikhale kutsogolo

Achimwene, mwafunsa ngati ndi bwino kuboola pamwamba penipeni pa denga la uvuni wanu wa njerwa kuti muikepo chumuni, popeza utsi ukukutulukirani pakhomo. Ndikukupemphani kuti musatero, chifukwa bowo limenelo lidzathawitsa kutentha konse, pamene uvuni wotere umafunika kupitirira madigiri 400 kuti pizza ipse m'mphindi ziwiri zokha.

Chumuni chimamangidwa kutsogolo, pamwamba pa kakhonde kamene kali kunja kwa khomo, kuti mpweya wozizira uzilowera m'munsi, malawi azinyambita denga lonse n'kutenthetsa njerwa, kenako utsi uzitulukira kumtunda kwa khomo n'kukwera m'chumuni. Muyesenso khomo lanulo, pakuti vuto lambiri limakhala pamenepo. Msinkhu wake uyenera kukhala pafupifupi magawo 63 pa 100 a msinkhu wa denga m'kati, kotero ngati denga ndi masentimita 40, khomo likhale masentimita 25. Paipi ya chumuni ya masentimita 15 m'mimba mwake imakwanira uvuni wotambalala masentimita 90 m'kati.

Ine wanga woyamba ndinamangira simenti wamba, ndipo nditasonkha moto waukulu tsiku loyamba lomwelo, ndinaona mng'alu ukutsika kuchokera pakamwa pa chumuni, utsi ukufuka m'mizere ya njerwa, mtima unandiwawa kwambiri. M'katimo muike njerwa zopirira moto, muzimange ndi dongo losakaniza ndi mchenga, ndipo muumitse uvuniwo ndi timoto ting'onoting'ono kwa sabata yathunthu musanaphikemo.