Kodi munthu angadye za kulemba pa intaneti ali ku Luchenza?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Luchenza m'boma la Thyolo, amene anandipempha kuti ndisatchule dzina lake. Analemba kuti: "Ndinamaliza Fomu 4 zaka zitatu zapitazo, ndipo panopa ndimathandiza mayi anga kugulitsa m'golosale. Ndimakonda kulemba, koma ndili ndi foni yokha, laputopu ndilibe. Kodi ndingayambe bwanji kulemba nkhani pa intaneti mpaka kufika pomapezapo ndalama, nanga ndizilemba m'Chichewa kapena m'Chingerezi?" Ndasankha kuyankha poyera chifukwa funso lomweli andifunsapo achinyamata angapo kuno ku Chitakale.

Achemwali, ndiyambe ndi nkhani ya ndalama, popeza ndi pamene ambiri amanamizidwa. Mwina munamva kuti munthu akatsegula tsamba lake la pa intaneti, kampani ya Google imaikapo zotsatsa malonda kenaka madola amayamba kugwa okha ngati mango a mu Disembala. Ndondomekoyo ilipodi, dzina lake ndi AdSense, koma ili ndi malamulo amene okuuzaniwo satchula. Muyenera kukhala ndi zaka zosachepera 18, tsamba lanu liyenera kulembedwa m'chiyankhulo chimene iwo amachivomereza, ndipo pamene ndikulemba pano Chichewa sichili pa mndandanda wawo. Komanso satumiza ndalama mpaka zitakwana madola 100, pamene otsatsa malonda amalipira zochepa kwambiri pa owerenga a kuno poyerekeza ndi a ku London kapena ku Johannesburg, kotero kuti tsamba latsopano likhoza kutha chaka chathunthu lisanafike pa mlingo umenewo. Amene akudikira ndalama zimenezi kuti agulire ufa agona ndi njala masiku ambiri.

Ndalama zimene ine ndazigwirapo m'manja chifukwa cha kulemba zachokera kwa anthu amene ndikhoza kuwapeza pa kabaza: mwini malo ogona alendo amene amafuna kuti malo ake adziwike, wogulitsa mbewu ndi feteleza, kalabu ya alimi imene imafuna wina woti ailembere mbiri yake bwinobwino, ndiponso mabungwe amene amasowa munthu womasulira uthenga wawo m'Chichewa chomveka. Anthu amenewa sanandipeze chifukwa choti ndinali ndi owerenga zikwizikwi ayi. Anawerenga nkhani imodzi kapena ziwiri, anaona kuti munthuyu amadziwa zimene akunena, ndipo anandiimbira foni. Tsamba lanu muliyese ngati shelefu ya m'golosale ya mayi anu, pamene wodutsa amaona katundu asanafunse mtengo.

Chifukwa cha ichi, funso lalikulu si lakuti mutsegula pati tsamba, koma lakuti mudziwika ndi nkhani yanji. Oyamba kumene ambiri amalemba za ndale lero, za mpira mawa, za chikondi mkuja, ndipo pa zonsezi alipo kale ena ku Blantyre ndi ku Lilongwe amene ali ndi magwero abwino kuposa inu. Koma palibe mtolankhani wa ku Lilongwe amene angakuposeni pa nkhani za kwanu. Muli pakati pa minda ya tiyi, ndipo ina mwa iyo ndi yakalekale, monga Satemwa imene inayamba mu 1923. Kodi mlimi wamng'ono wa tiyi amalandira zingati pa kilogalamu ya masamba aawisi chaka chino, nanga amalipidwa patatha masiku angati? Kodi mabanja amene nthochi zawo zinatha ndi matenda a chisaka anadzala chiyani m'malo mwake, ndipo amene anadzalanso mbewu yatsopano ya nthochi zikuwayendera bwanji? Kodi tomato amene amachoka pa msika wa Bvumbwe amafika ku Limbe atakwera mtengo motani? Mayankho a mafunso amenewa sapezeka pa Google, amapezeka pofunsa anthu, ndipo inu mukhoza kuwafunsa m'chiyankhulo chawo, ngakhale kuwapatsa moni m'Chilhomwe kuti amasuke.

Apa ndi pamene funso lanu la chiyankhulo likuyankhidwira. Yambani mwamuona m'maganizo munthu amene mukumulembera. Ngati ndi mlimi wa ku Thekerani kapena mayi wa geni pa Limbuli, lembani m'Chichewa, ndipo musachite nacho manyazi, chifukwa zolembedwa zabwino za m'Chichewa pa intaneti ndi zochepa moti amene walemba mosamala amaonekera msanga. Ngati ndi mlendo amene akufuna kukwera phiri la Mulanje, pamenepo Chingerezi ndi chimene chingakuthandizeni. Mlendo wotere amadziwa kale kuti nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo mwina anamvanso kuti mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri pa dziko lonse. Zimene sadziwa ndi zakuti akwere minibasi iti kuchokera ku Limbe, atsike pati kuti akafike ku Likhubula, operekeza alendo amawapeza bwanji, ndiponso kuti pa Chambe kapena pa Lichenya, pamwamba pa phirili, kumazizira motani mu Julayi. Ine ndimalemba m'ziyankhulo zonse ziwiri, koma sindisakaniza m'nkhani imodzi, ndipo ndikukulangizani kuti chaka choyamba musankhe chimodzi.

Za kumene mungatsegule tsamba sindichulutsa mawu. Blogger, imene ndi ya Google, ndiponso WordPress.com, zonse zimalola munthu kuyamba kwaulere, ndipo zonse zimatheka pa foni. Facebook ndi WhatsApp muziziyesa amithenga okaitana anthu, osati nkhokwe, pakuti nkhani ya pa Facebook imamira pakatha masiku awiri, pamene ya pa tsamba lanu munthu akhoza kuipeza patapita zaka zitatu. Muzilemba netiweki mutazimitsa, muzisunga zolembazo m'foni, ndipo muziyatsa bandulo pokhapokha potumiza. Zithunzi muzizichepetsa kukula, chifukwa wowerenga wanu nayenso amagula bandulo, ndipo tsamba likachedwa kutseguka amachoka osabwereranso.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachiphunzira mowawa. Nditaona kuti owerenga ayamba kuchuluka, ndinafuna kukhala ndi adiresi yangayanga ya pa intaneti, ndipo popeza inkalipiridwa m'madola chaka ndi chaka, ndinapereka ndalama kwa munthu wina wodziwa za makompyuta kuti andigulire. Iye anailembetsa m'dzina lake ndi imelo yake. Chaka chitatha anasamuka, foni yake inasiya kupezeka, adiresiyo inafa, ndipo malinki onse a nkhani zanga amene anthu anagawana pa WhatsApp anasanduka opanda ntchito. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Imelo, mawu achinsinsi ndi adiresi zikhale m'dzina lanu, ngakhale wokuthandizaniyo atakhala mbale wanu. Ndipo musathamangire kugula adiresi yolipira musanayambe kupeza kanthu, chifukwa kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipira m'madola chimaluma.

Kulemba mwaukadaulo kuli ndi mbali inanso imene achinyamata saikonda kuimva. Zimene mwalemba pa intaneti malamulo amaziona ngati zofalitsidwa, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 komanso lamulo loteteza umwini wa zolembalemba ndi zaluso la chaka chomwecho. Choncho musakopere nkhani ya m'nyuzipepala n'kuikapo dzina lanu, musatenge chithunzi cha wina osapempha, ndipo mukamva mphekesera yakuti wakutiwakuti wadya ndalama za kalabu, musalembe musanamve mbali yake. Mukafuna kujambula mayi amene akuthyola tiyi, mupempheni kaye ndi kumuuza kumene chithunzicho chikupita. Luchenza ndi tauni yaing'ono, ndipo munthu amene mwamulakwira m'nkhani mawa lake adzabwera kudzagula shuga m'golosale mwanu.

Tsiku limene wina adzakupempheni kuti mumulembere, gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, mgwirizanowo ulembedwe ngakhale pa uthenga wa pa foni, ndipo theka la ndalama alipiriretu pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Nkhani yolipiridwa muziilemba poyera kuti ndi yolipiridwa, pakuti owerenga akangozindikira okha kuti munayamikira malo ogona alendo chifukwa munadyako nkhuku yaulere, sadzakhulupiriranso zimene mudzalembe za mtengo wa tiyi.

Pakadali pano musasiye golosale ya mayi, chifukwa ndi imene idzakuguliranibe bandulo miyezi yoyambirira, komanso makasitomala ake ndiwo magwero anu oyamba. Tsiku la msika likubwerali tengani kope, mufunse anthu asanu za nkhani imodzi imene mwasankha, mulembe mayina a malo ndi mitengo monga mwaimvera, ndipo muchite chimodzimodzi sabata iliyonse mpaka nkhani zikwane khumi musanauze aliyense kuti muli ndi tsamba. Zitatu zoyambirira munditumizire pa imelo yomwe ija, ndidzaziwerenga ndi cholembera chofiira m'manja.