Makatuni a ku Japan andilanda mwamuna

Azakhali,

Ndili pabanja zaka 6, ana awiri. Bambo a kunyumba samwa mowa ndipo sayenda usiku, koma ndatopa nawo. Akangosamba m'manja madzulo amatenga foni n'kuyamba kuonera makatuni a ku Japan otchedwa One Piece mpaka tambala woyamba. Ndikadandaula amati ndidikire, akangowamaliza asiya. Bandulo ikudya ndalama kuposa ndiwo. Apongozi anga atabwera kudzacheza anawapeza akugwetsa misozi, ati munthu wina wafa m'katunimo. Atamvanso kuti muli "zipatso za mdyerekezi", akuti tipite nawo kwa abusa. Kodi ndikaitane ankhoswe?

Mayi wodandaula, Lilongwe

Mwananga,

Zoti akamaliza asiya uziiwale. Nkhani imeneyi mlembi wake, Eiichiro Oda, anayamba kuijambula mu 1997 m'magazini ya mlungu ndi mlungu ya Weekly Shonen Jump, inafika pa TV mu 1999, ndipo mu 2021 inakwana magawo 1,000 isanathe. Gawo limodzi ndi mphindi pafupifupi 24. Werengetsa wekha: maola 400. Ngakhale ataonera maola awiri usiku uliwonse, ndi masiku 200 iwe ukugona moyang'ana khoma. Ndipo akamaliza amenewa, ena ali pamzere.

Apongozi ako uwakhazike mtima pansi mwaulemu. Zipatso akunenazo zilimodi, koma ndi nthano chabe. Mnyamata wotchedwa Luffy anadya chimodzi, thupi lake linayamba kutamuka ngati mphira, m'malo mwake anasiya kutha kusambira, pomwe moyo wake wonse ndi wa panyanja. Agogo akamatiuza kuti kalulu anapusitsa njovu, palibe ankathamangira kwa abusa. Za misozizo, ine sizikundidetsa nkhawa. Munthu amene wayenda ndi anthu a m'nkhani kwa miyezi, akafa mmodzi zimamukhudza. Kulibwino mwamuna wolirira katuni kusiyana ndi wouma mtima pamaliro a m'bale wako.

Usawanyozenso kuti ndi zachibwana. N'zoona kuti magazini ija amalembera anyamata, mawu oti shonen amatanthauza mnyamata, koma amene anayamba kuwerenga nkhaniyi ali pasukulu mu 1997 lero ndi azibambo a ndevu. Ku Japan akuluakulu amawerenga mabuku azithunzi amenewa, manga, m'sitima popita kuntchito popanda wowaseka.

Mlandu wako weniweni uli pawiri, ndalama ndi mphasa. Ukapita kwa ankhoswe n'kunena kuti "amuna anga amaonera makatuni", akagwira pakamwa kubisa kuseka, iwe n'kubwerako ngati wolongolola. Yamba wakhala nawo pansi awiriwiri, masana, foni ili patali. Auze mosapita m'mbali kuti ukugona wekha mwamuna ali m'nyumba momwemo. Pakutha pa mwezi, bandulo ilowe pa bajeti limodzi ndi ufa, makala ndi fizi ya ana, ikatha yatha. Ngati akufunitsitsa kudziwa komwe nkhani yafika, awerenge manga, poti zithunzi sizidya intaneti ngati kanema. Mugwirizanenso ola loti foni itsale pabalaza.

Ana uwayang'anire. Si katuni iliyonse ya ku Japan yoyenera mwana. Mu One Piece momwemo muli ndewu ndi magazi, ndipo ena ndi a akuluakulu okhaokha. Bambowo asamawasiyire foni osadziwa chimene atsegula.

Loweruka lina ukhale pambali pawo muonere limodzi gawo limodzi, uwafunse kuti anafa uja anali ndani. Udzadabwa m'mene adzalongosolere, mwina kuposa zonse akuuza chaka chino.

Akaphwanya pangano miyezi iwiri yotsatizana, pamenepo itana ankhoswe, ndipo mawu oti katuni asatuluke pakamwa pako. Ukanene za ndalama ya ndiwo ndi za kuchipinda.

Azakhali