Funsani a Mlangizi: heuchera wakana kumera, wina wasintha mtundu

Funso: A Mlangizi, ndinagula kapaketi ka njere za heuchera, duwa lija la masamba okongola. Ndinafesa m'chitini n'kukwirira bwinobwino ndi dothi monga ndimachitira ndi mbewu zina, ndipo ndakhala ndikuthirira m'mawa ndi madzulo. Mwezi watha koma palibe chatuluka. Kodi anandigulitsa njere zakufa? *Mayi wokonda maluwa*

Yankho: Mayi, musafulumire kuimba mlandu amene anakugulitsani. Vuto lili pa kukwirira bwinobwino kumene mwanenako. Njere za heuchera n'zazing'ono ngati fumbi, ndipo zimafuna kuona kuwala kuti zimere. Komanso kanjere kotere kali ndi chakudya chochepa kwambiri mkati mwake, moti ngakhale katamera pansi pa dothi, kamatha mphamvu kasanafike pamwamba. Kuthirira kawiri pa tsiku ndi kapu nakonso kunangowonjezera tsoka, chifukwa madzi ogwa mwamphamvu amakokolola njere kapena kuzilowetsa pansi.

Ngati mwatsala ndi njere, yambiraninso. Pezani chotengera chosazama chokhala ndi mabowo pansi, mudzazemo dothi losefa, lopepuka, losakaniza ndi mchenga. Linyowetseni musanafese, osati mutafesa kale. Ine ndimasakaniza njerezo ndi mchenga wosalala wouma pang'ono n'kumawaza kuchokera papepala lopinda, apo ayi zonse zimagwera malo amodzi ndipo mbande zimadzamera mothinana. Mukawaza, psinjani pang'ono ndi chikhatho kapena kathabwa kuti njere zigwirane ndi dothi. Basi. Musaikenso kanthu pamwamba kupatula pulasitiki yoonekera kapena galasi lotchinga chotengeracho kuti chinyezi chisathawe.

Ikani pamalo owala koma osafika dzuwa lachindunji, chifukwa pansi pa pulasitiki pamatentha msanga mpaka kupsereza. Njerezi zimamera bwino pa kutentha kwa madigiri seshasi 18 mpaka 21. Dothi likayamba kuuma, khazikani chotengeracho m'mbale ya madzi kuti limwe kuchokera pansi. Zambiri zimatuluka pakati pa masabata awiri ndi anayi, zina zimachedwa kuposa apo, choncho musataye mtima mukaona ziwiri zokha. Njere zikakhala zouma mutu, fesani, kutani chotengeracho m'jumbo n'kuchiika m'firiji kwa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, kenako muchitulutse. Kwawo ku North America njerezi zimagona panthaka nyengo yozizira yonse zisanamere, ndipo mitundu ina imafunabe kuzizirako. M'firiji ndanena, osati mouma madzi muja.

Nkhondo yeniyeni imayamba zikamera. Kambande kake n'kakang'ono moti poyamba mumangoona ngati dothi layamba ndere, mpaka mutaweramira pafupi ndi pamene mumaona timasamba tiwiri. Pamsinkhu umenewu pali matenda oyamba ndi tizilombo ta m'dothi lonyowa amene amawoletsa tsinde pamene lakhudzana ndi dothi. Dzulo mbande zinali chilili, lero zagona zonse, ndipo zikagwa sizidzukanso. Ndiye zikangomera yambani kutsegula pulasitiki ija pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kuti mphepo izidutsa, ndipo dothi lizikhala lachinyezi, osati lamatope. Muziwokere m'timiphika zikatulutsa masamba enieni awiri kapena atatu. Pozula gwirani tsamba, osati tsinde: tsamba likang'ambika limaphuka lina, tsinde likaphwanyika mbande yapita. Chaka choyamba yembekezerani masamba okha, maluwa nthawi zambiri amabwera chaka chachiwiri.

Funso: Ndili ndi heuchera wa masamba a pepo okhala ndi mizere yasiliva. Maluwa atauma ndinakolola njere n'kufesa, ndipo zinamera bwino ndithu. Koma mbande zambiri n'zobiriwira, zina zofiirira mosasangalatsa, palibe yofanana ndi mayi wake. Kodi dothi langa ndi limene lasintha mtundu? *Bambo wina wodabwa*

Yankho: Bambo, choyamba landirani ulemu, mwameretsa njere zimene zavuta mayi ali pamwambawa. Dothi lanu lilibe mlandu. Heuchera wamasamba okongola amene amagulitsidwa masiku ano pafupifupi yense ndi wa haibulidi. Akatswiri anakwatitsa mitundu ingapo yakuthengo: *Heuchera americana* wamasamba amizeremizere asiliva, *Heuchera villosa* wamasamba akuluakulu aubweya, *Heuchera micrantha*, ndi *Heuchera sanguinea* wamaluwa ofiira wa ku Mexico ndi kumwera chakumadzulo kwa United States. Njere ya chomera chotere imasakaniza mwatsopano zonse zimene makolo aja anasiya, ndipo njuchi zimabweretsanso mungu wa heuchera wina aliyense ali pafupi. Kubiriwira kwa makolo akuthengo kumabwerera mosavuta.

Si inu nokha. Mtundu wotchuka wa 'Palace Purple', umene unachokera kumunda wa zomera wa Kew Gardens ku London ndipo unasankhidwa kukhala chomera cha chaka ku America mu 1991, unachulukitsidwa kwambiri ndi njere. Zotsatira zake, mpaka lero miphika iwiri yolembedwa dzina limodzimodzilo ikhoza kukhala ndi masamba osiyana, wina wakuda bwino, wina wotuwa mobiriwira. N'chifukwa chake manazale akuluakulu amachulukitsa mitundu yatsopano mu labotale, kuchokera ku tizidutswa ta chomera chimodzi.

Mbande zanuzo musazizule lero. Mtundu weniweni umaoneka masamba akakhwima, ndipo umasinthanso malinga ndi kuwala ndi kuzizira. Zisungeni nyengo imodzi, kenako musankhe ziwiri kapena zitatu zimene zakukomerani m'maso, zotsalazo mutaye mopanda chisoni. Kwa ine kukoma kwa njere kuli pomwepo: mwina mwa mbande makumi asanu mutuluka imodzi imene palibe wina ali nayo.

Koma ngati mukufuna wa pepo yemweyo, siyani njere, gawani chomeracho. Kumbani tsinde lonse nthawi imene kunja sikukutentha kwambiri, sasani dothi, ndipo muona kuti si chomera chimodzi koma timitu tingapo, kalikonse ndi masamba ake, tolumikizana pa tsinde lolimba. Thyolani ndi manja kapena dulani ndi mpeni wakuthwa, kamutu kalikonse kakhale ndi mizu yake. Chapakati chakale chouma chija tayani. Kamutu kothyoka popanda muzu nakonso n'chuma: chotsani masamba akuluakulu, siyani awiri kapena atatu apakati, kabzaleni m'dothi la mchenga pamthunzi, ndipo pakatha mwezi kapena kupitirira pang'ono kamagwira mizu. Tsamba lokha ndi phesi lake nthawi zambiri silipereka chomera chatsopano pokhapokha mutalithyola ndi kachidutswa ka tsinde kokhala ndi diso. Chenjezo limodzi kwa amene akuganiza za malonda: mitundu yambiri yatsopano ndi yotetezedwa ndi malamulo, ndipo kuichulukitsa kuti mugulitse popanda chilolezo kukhoza kukuikani m'mavuto. Werengani kachikwangwani ka pamphika.

Funso: Heuchera wanga wakalamba, masamba ali pamwamba pa tsinde lalitali lopanda kanthu, ndipo wina wafota ngakhale ndimathirira. Ndichite chiyani? *Wowerenga wathu*

Yankho: Kutalika khosiko ndi khalidwe lake, si matenda. Chaka chilichonse masamba akale amagwa, tsinde n'kumakwera. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi mukumbeni, mugawe monga ndafotokozera bambo aja, ndipo mubzale mozamitsa kuti tsinde louma lija libisike. Pakati pamene pamaphukira masamba atsopano pokhapo pakhale pamtunda, chifukwa pakakwiririka pamawola.

Wofotayo mugwedezeni. Akangonyamuka m'manja mwanu wopanda mizu, fukulani dothi mufufuze mphutsi zoyera zopindika, zamutu wofiirira, zopanda miyendo. Ndi ana a kachirombo kena kamene kamakonda heuchera wa m'miphika, ndipo zimadya mizu mpaka kulowa mutsinde. Tayani dothi lonselo, tsukani mphika, tsukaninso tsinde, dulani powonongeka n'kubzala timitu tamoyo m'dothi latsopano. Mukapanda kupeza mphutsi koma tsinde lili lofewa ndi lakuda, ndiye madzi anachuluka. Heuchera amapirira kuuma pang'ono kuposa kukhala m'madzi, choncho musathirire chifukwa choti tsiku lothirira lakwana, yambani mwapisa chala m'dothi. Ndipo ngati kumene mukukhala kumatentha kwambiri, muikeni polandira dzuwa la m'mawa lokha, ndipo pogula wina funsani mitundu yochokera kwa *villosa*, monga 'Caramel', chifukwa ndi imene imapirira kutentha ndi chinyezi kuposa inzake.