Mbalame za ku Vwaza m'nyengo yozizira

Achimwene, mwafunsa ngati kupita ku Vwaza Marsh mu June kukaona mbalame n'kutaya nthawi. Ayi ndithu, pitani. Mbalame zochokera ku Ulaya simukazipeza, zimachoka cha mu April n'kudzabweranso mvula ikayandikira. Koma madzi akayamba kuphwa m'madambo, zathu zomwezi zimasonkhana pa Nyanja ya Kazuni.

Mukalawire m'mbandakucha, juzi ili m'thupi, chifukwa kumazizira kwabasi. Mukakhale phee m'mphepete mwa madzi. Mukaona atsekwe, akakowa ataima nji m'matope, nantchengwa akuvundula madzi ndi phazi kuti achule atuluke, kwinaku nkhwazi ikulira pamtengo. Ine nantchengwayo ndiye amandigwira mtima.

Musakavale zakuda kapena zabuluu, zimakoka ntchentche za tsetse. Mvuu nazo muzikazitalikira.