Kutalikitsa thupi la ndege yopanga wekha: yankho kwa achimwene aatali miyendo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene akupanga ndege yawo mu galaja, ya matabwa ndi pulayiwudi, mapiko apansi, anthu awiri kukhala moyandikana, ndipo akutsatira mapulani ogula. Vuto lawo ndi msinkhu. Akuti atakhoma kabokosi koyeserera nkukhalamo mawondo akugunda dashibodi, nde akufuna kuwonjezera masentimita 30 pa fuselage, thupi la ndege lija, kuti mpando ubwerere m'mbuyo. Ma longeron, matabwa aatali oyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumchira kwa thupilo, sanadulebe. Akufunsa ngati zili bho, komanso ngati ndegeyo iziuluka chimodzimodzi.

Achimwene, mwachita bwino kulemba sowo isanakhudze thabwa. Kutheka zimatheka, anthu achitapo ndipo ndege zawo zikuuluka, koma chimodzimodzi ayi, imeneyo ikhala ndege ina. Ndipo mu imelo yanu yonse simunandiuze chinthu chimene ndimafuna kumva: masentimita 30 amenewo mukuwaika pati? Kutsogolo kwa phiko kapena kumbuyo? Nkhani yonse yagona pamenepo.

Ndege ili ngati sikelo. Pali malo amodzi pamene kulemera kwake konse kumakumana, timati CG, ndipo malo amenewa amayenera kugwera mkati mwa kampata kakang'ono pa phiko, pa ndege zambiri zazing'ono ndi chapakati pa 15 ndi 35 peresenti ya mulifupi wa phiko kuwerengera kuchokera kutsogolo. Phiko likakhala mita 1.2 mulifupi nde kuti kampata konse sikakwana olo masentimita 25, ndipo mapulani ena amapereka kochepera apa. CG ikapita kutsogolo kwambiri ndege imalemera mphuno, potera mumakoka ndodo yowongolera mpaka pamimba koma mphuno osadzuka. Ikapita kumbuyo ndiye zoopsa zenizeni, ndodo imapepuka ngati palibe chimene mwagwira, kungoikhudza pang'ono mphuno yadumpha, ndipo ikalowa mu spin, kugwa ikuzungulira, imatha kuzungulira chafulati osatulukamo.

Tiyeni tiwerenge ndi manambala ongoyerekeza, anuwo mudzaikemo nokha. Tinene kuti ndege yodzaza ikulemera makilo 450. Inu ndi mnzanu, aliyense makilo 90, mwabwerera m'mbuyo masentimita 15 okha. 180 kuchulukitsa ndi 0.15 ikutipatsa 27, kugawa ndi 450, CG yasuntha masentimita 6. Sitinathe. Mchira wonse, tinene makilo 14, wapita m'mbuyo masentimita 30, imeneyo ndi 4.2, kuphatikizapo matabwa ndi pulayiwudi yatsopano makilo 2 amene akhala mwina mamita 1.5 kumbuyo kwa CG, ina 3, pamodzi 7.2, kugawa ndi 450, sentimita imodzi ndi theka kuposerapo pang'ono. Zonse pamodzi mukuyandikira masentimita 8, gawo limodzi mwa magawo atatu a kampata kaja latha chonchi, musanaike chikwama kumbuyo kwa mpando. Ndipo ngati thanki yanu ili kutsogolo kuseri kwa dashibodi, mafuta akamatha CG imapitirirabe kubwerera m'mbuyo, kutanthauza kuti ndege imavuta kwambiri nthawi yotera, pamene inuyo mwatopa kale.

Onani bwinobwino manambalawo. Chimene chawononga kwambiri si mchira ayi, ndi anthu kusuntha.

Kutalikitsa kumbuyo pakokha, anthu osawasuntha, nthawi zambiri kumachitira ndege zabwino. Ganizani za sipanala, yaitali imamasula nati yomwe yaifupi yakanika ndi mphamvu yomweyo. Mchira ukakhala patali ndi phiko umagwira ndege mwamphamvu, mtunda ukachoka pa mamita 3 kufika 3.3 mphamvu yake yawonjezeka ndi 10 peresenti, ndipo kuziziritsa kugwedezeka kwa mphuno kumawonjezeka kuposa pamenepo, pafupifupi 21 peresenti, chifukwa kumeneko mtunda umadzichulukitsa wokha. Chitsanzo chodziwika ndi KR-2 ya Ken Rand, kandege kamatabwa ka zaka za m'ma 1970. Kanali kafupi, kothamanga, koma oyendetsa ambiri ankadandaula kuti ndodo yake ndi yaukali, kuyetsemula kokha ndege yakwera kkk. Kenako kunabwera KR-2S, yotalikirapo ndi masentimita oposa 40, ambiri mwa iwo kumbuyo kwa phiko, ndipo inafatsako. Koma kumeneko kunali kusintha kwa eni mapulani, kowerengedwa, osati munthu kungoona kuti apa pakuoneka pabwino.

Nanga kutsogolo? Apa mpamene ndikuganiza kuti vuto lanu lili, chifukwa pa ndege za mapiko apansi ntchafu zanu zimadutsa pamwamba pa spar yaikulu ya phiko, mtanda umene umanyamula phikolo, mpando sungangopita kulikonse, malo amene akukuchepelani ndi pakati pa spar ndi firewall, khoma lolekanitsa injini ndi pokhala anthu. Mukakankha firewall kutsogolo injini imapita nayo. Injini ya makilo 80 kusuntha masentimita 10 ndi 8, yokokera kutsogolo, nde mukuona kuti ikhoza kulipira ija ya mchira. Nchifukwa chake otalikitsa mwanzeru amawonjezera pang'ono kutsogolo ndi zambiri kumbuyo, osati zonse mbali imodzi. Koma walira mvula walira matope, mphuno yaitali imakhala ngati muvi womwe nthenga zake zachepa, chilichonse chili kutsogolo kwa CG, pulopela yomwe, chimafuna kutembenuza ndege mphepo ikawomba chammbali. Ajeremani anakumana nazo pa ndege yawo yankhondo ya Focke-Wulf 190 ataika injini yaitali ya Jumo 213 pa mtundu wa D-9 mu 1944, anachita kuwonjezera chidutswa cha theka la mita kutsogolo kwa mchira kuti zibwerere mchimake. Anthu amene amachotsa injini yolemera nkuika yopepuka ngati Rotax 912 amagwa mu dzenje lomweli, amatalikitsa mphuno kuti sikelo ikhale bwino kenako nkupeza kuti rudder, chiwongolero choimirira cha kumchira, yachepa.

Za kulimba kwake ndinene mwachidule koma musazipeputse. Mchira ukapita patali umapinda ndi kupotokola thupi mwamphamvu kuposa kale, makamaka pamene thupi lakumana ndi phiko. Musangotambasula zipinda za felemu kuti chilichonse chitalike pang'ono, thabwa lopanikizidwa likatalika kawiri limapindika ndi kota chabe ya katundu amene limanyamula poyamba. Bola kuwonjezera chipinda china chathunthu ndi mitanda yake. Mwayi wanu ngwakuti simunadule, gulani ma longeron aatali athunthu, olumikiza amafuna kudula mopendeka kwambiri, 12:1 kapena 15:1, kutanthauza kuti podulapo patalike ka 12 kapena ka 15 kuyerekeza ndi kunenepa kwa thabwalo, ndi guluu woyenera, ntchito yoti munthu woyamba kumene asaphunzirire pa thabwa lonyamula mchira. Makebulo a rudder ndi chitsulo chokankha elevator, chiwongolero cha kumchira chokweza ndi kutsitsa mphuno, nazonso zitalika, zikamagwedera kapena kutamuka mwaitana flutter, kunjenjemera kwamphamvu kwa ziwongolerozo, ndipo flutter sichenjeza, imangothyola. Komanso matayala, ngati ndi ya tayala lakumchira ndege iziima mogonako, ngati ndi ya tayala lakutsogolo mchira ukhoza kukhula pansi ponyamuka.

Ndikanakhala ine, ndisanaganize za masentimita 30, ndikanabwerera mu kabokosi kaja ndi tepi. Nthawi zambiri munthu amene akuti akufuna 30 amakhala akufuna 6 kapena 8. Mapedo a rudder asunthireni kutsogolo mpaka pafupi ndi firewall, chepetsani khushoni, pendeketsani chotsamira pang'ono, dulani m'munsi mwa dashibodi kapena ikwezeni. Ndinathandizapo munthu wina wamtali ngati inu, tinatha Loweruka lonse tikukangana za kutalikitsa, mapeto ake tinangotsitsa mpando masentimita 4 nkusuntha mapedo, basi mawondo anapeza malo. Akanakhala mapiko apamwamba oimikidwa pa timitengo ngati Pietenpol Air Camper bwenzi ndikuti sunthani phiko lenilenilo, eni ndege zimenezo amapendeketsa timitengoto kuti phiko libwerere m'mbuyo woyendetsa akakhala wolemera, koma yanuyi njira imeneyo palibe.

Zikakanika zonsezi, lemberani amene anajambula mapulani kapena amene akuwagulitsa, ndipo funsani ena amene anamanga mtundu womwewo, mwina wina anatalikitsa kale ndipo ali ndi maola mazana angapo mumlengalenga. Kutengera zimene zauluka kale nkwabwino kuposa kukhala woyamba. Malamulo nawonso amasiyana, ku America ndege za Experimental, gulu limene zopanga wekha zimalembetsedwa, womanga ali ndi ufulu wambiri koma amayenera kuuluka maola oyesera, kawirikawiri 25 kapena 40, mdera lopatsidwa, pamene ku UK kusintha ngati kumeneku kumafuna chilolezo cha LAA, bungwe loyang'anira ndege zopanga wekha kumeneko. Funsani a zandege m'dziko lanu musanayambe, osati ndege itatha.

Ikadzatha muyeze pa masikelo atatu, tayala lililonse pa sikelo yake, ndege itawongoledwa ndi levulo ngati ikuuluka, zitseko za galaja zotseka kuti mphepo isanamize. Musakhulupirire manambala a m'mapulani, yanuyo sidzakhalanso ya m'mapulani. CG ikaphonya pang'ono sunthani batire musanaganize zoika mtovu. Maulendo oyamba CG ikhale chakutsogolo kwa pakati, nokha, kenako muziibweza m'mbuyo pang'onopang'ono ndi matumba a mchenga omangidwa bwino.

Pakali pano nditumizireni zinthu izi: mulifupi ndi kukula kwa phiko, kukula kwa mchira, mtunda wochoka pa spar kufika pa firewall, injini imene mukufuna kuika ndi kulemera kwake, kampata ka CG kamene kali m'mapulani, ndi kulemera kwanu kwenikweni achimwene, osati kwa zaka zisanu zapitazo.